Ki-67, PCNA, BrdU kapena pHH3: ndalama za kafukufuku zipite pati?

Anzanga a m'malabotale sakusiya kundifunsa kuti agule antibody iti (puloteni imene imamata pa chinthu china m'selo kuti chioneke pa maikulosikopu) akafuna kuona maselo amene akugawikana, makamaka thumba la kafukufuku likakhala loperewera. Yankho langa ndi antibody ya Ki-67, puloteni imene imapezeka m'maselo amene akugawikana. Ya PCNA, puloteni yothandiza kukopera DNA, musayiyandikire, ngakhale mtengo wake utakukopani bwanji.

PCNA ndiyo inatipweteka. Wogulitsa wina anatitsimikizira kuti PC10, antibody ya PCNA, imachita zonse zimene Ki-67 imachita, komanso imagwira pa minofu ya munthu, ya mbewa ndi ya khoswe, ndiye kabotolo kamodzi katikwanira. Zoti imagwira pa zamoyo zambiri n'zoona. Chimene anabisa n'chakuti puloteni imeneyi, yomwe inadziwika mu 1978 kudzera m'magazi a odwala lupus, sigwira ntchito pokopera DNA pokha. Imathandizanso kukonza DNA yowonongeka. Imachedwanso kutha: pamadutsa maola pafupifupi 20 kuti theka lake lichoke, choncho selo limene linaleka kale kugawikana limaonekabe ngati lili mkati mwa ntchito.

Pa maikulosikopu zinali zomvetsa chisoni. Pafupifupi nyukiliyasi iliyonse inali ndi mtundu, ina yakuda bii, ina yotuwira, ina yongodetsedwa pang'ono, moti anthu awiri powerenga silaidi imodzi ankapeza manambala otalikirana. Tikasintha nthawi yowiritsa masilaidi, chithunzi chinkasinthanso. Ndalama ya kabotoloko sindiyidandaula kwambiri. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi ma block a odwala (tizidutswa ta minofu yawo tosungidwa mu parafini) amene tinadula mobwerezabwereza pofuna kuti zinthu zilongosoke, mpaka tinthuli tina tinatheratu. Kachidutswa ka biopsy kakatha katha, sungabwerere kwa wodwala kukapempha kena chifukwa cha antibody yonama.

Ki-67 ndimayikhulupirira. Johannes Gerdes ndi anzake anayipeza ku Kiel, m'dziko la Germany, mu 1983, koma antibody yoyambayo inkangogwira pa minofu youmitsidwa ndi kuzizira. Zinthu zinasintha mu 1992 pamene MIB-1, antibody ina ya Ki-67, inaonetsa kuti imagwira pa minofu ya mu fomalini ndi parafini ukayamba wayiwiritsa. Puloteniyi imapezeka m'magawo onse a kugawikana kwa selo (G1, S, G2 ndi M), koma selo likapuma mu G0 imazimiririka, ndipo izi n'zimene PCNA imalephera. Amene anaonapo Burkitt lymphoma, khansa imene imagwira ana ambiri kuno kwathu, akudziwa mmene silaidi yake imaonekera: pafupifupi selo lililonse la chotupacho limadetsedwa, mosakayikitsa. Ikani kachidutswa ka tonsil pambali kuti muzidziwa ngati mankhwala agwiradi.

Ki-67 ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwadziwa musanalipire. MIB-1 inapangidwa mu mbewa ndipo ndi ya minofu ya munthu. Ngati kafukufuku wanu ndi wa mbewa, tengani SP6, antibody ya Ki-67 yopangidwa mu kalulu. Ki-67 imafunanso minofu yosamalidwa bwino, maola 6 mpaka 72 mu fomalini ya 10% yosakanizidwa moyenera. Zidutswa zochokera kutali zimene zakhala milungu m'botolo zimapereka nambala yotsika kuposa yeniyeni, chimodzimodzi masilaidi odulidwa kalekale. Ngakhale gulu la akatswiri a mayiko osiyanasiyana loona za Ki-67 pa khansa ya m'mawere linanena mu 2021 kuti manambala odalirika ndi 5% kutsika m'munsi kapena 30% kukwera m'mwamba; apakatiwo owerenga amasiyana.

BrdU, mankhwala amene selo limawalowetsa mu DNA yatsopano, imanena zoona kuposa zonsezi, chifukwa imangoonetsa maselo amene anakopera DNA pa nthawi imene munawapatsa mankhwalawo. Howard Gratzner anatulutsa antibody yake mu 1982. Koma muyenera kuipereka kwa nyama kapena maselo adakali amoyo, ndiye pa ma block akale ilibe ntchito. Mtengo wake wobisika ndi asidi. Kuti antibody ifike pa BrdU mumatsegula DNA ndi asidi wa HCl, ndipo asidiyo amawononga mapuloteni ena amene munafuna kuwaona pa silaidi yomweyo. EdU, yomwe imalowa mu DNA ngati BrdU ndipo imene Adrian Salic ndi Timothy Mitchison anayifotokoza mu 2008, sifuna asidi kapena antibody, koma kopa (mkuwa) wa m'mankhwala ake amazimitsa kuwala kwa GFP, puloteni yowala mobiriwira imene ofufuza amaika m'maselo ngati chizindikiro. Ofuna kuphatikiza BrdU ndi EdU asamale: ma antibody ambiri a BrdU amagwiranso EdU, pomwe ya BrdU yotchedwa MoBU-1 siyitero.

pHH3, chizindikiro cha pa puloteni ya histone H3, ndi yabwino powerenga maselo amene ali pa mitosis penipeni (pamene selo likugawika pawiri), koma oterowo amakhala ochepa, ndiye pa kachidutswa kakang'ono simupeza zokwanira.

Pa mtengo sindinena zambiri, popeza katundu akafika kuno ndalama yonyamulira m'madzi oundana ndi msonkho nthawi zina zimapikisana ndi mtengo wa kabotolo. N'chifukwa chake sindigula antibody imene pepala lake silitchula dzina la clone, kutanthauza mtundu umodzi wa antibody wosasintha, monga MIB-1. Za polyclonal, zosakanikirana mitundu yambiri, zimasintha khalidwe gulu lina likabwera, ndipo pakati pa kafukufuku mumapezeka mukuyambiranso. Pa minofu ya odwala gulani MIB-1, pa mbewa SP6, ndipo kabotolo kakangofika kayeseni pa tonsil kapena pa matumbo a mbewa musanakhudze block ya wodwala aliyense.