Memori khadi ya maulaliki a tsiku lomaliza ya ku Limbe: gulani, koma muyambe mwasefa

Amene muli ndi makolo okonda Mawu koma maso anafooka, mwina munaganizapo zowagulira kawailesi kolowa memori khadi. Pa kawailesiko ndilibe mawu ambiri, ndi tomwe tija ta ku China tokhala ndi tochi, totchaja ndi chingwe cha foni, ndipo magetsi akathima kamapirira ndithu usiku wonse. Nkhani yanga ndi khadi yomwe ndinakaikitsa maulaliki ku Limbe, kwa mmodzi mwa anyamata aja amakhala ndi laputopu ndi sipika chakufupi ndi msika. Ndinagulira apongozi anga omwe tikukhala nawo ku Chimwankhunda, mayi wa Mvano amene ng'ala inawalanditsa kuwerenga. Anachita kundituma okha: "Mukandipezere za tsiku lomaliza, mwana wanga, ine ulendo wayandikira."

Mnyamatayo ntchito yake amaidziwa. Khadi amagulitsa payokha, kuikamo zinthu amatchajanso payokha, choncho mukabwera ndi yanu mumalipira zochepa. Ine ndinaloza khadi yotchipa yolembedwa 32GB, iye n'kundiletsa. Akuti zambiri zotere n'zachinyengo: pamwamba nambala yaikulu, mkati malo ochepa, zinthu zimaoneka ngati zalowa koma mukafika kunyumba theka silikulira. Anandipatsa ya 8GB, yomwe pa zomvera zokha ndi yokwanira n'kutsalako, ndipo anaiyesa m'kawailesi kanga ndisananyamuke. Wogulitsa wokuletsa kugula chinthu chake ndi wosowa mu Limbe, apa ndamuyamikira.

Pomwe analephera ndi pa dongosolo. Kawailesi kalibe poonera, munthu umangodina batani kupita kutsogolo, ndiye zonse anangozithira pamodzi. Kwaya ikatha pakubwera ulaliki wachingerezi womasulira, ukatha uwo pakubwera Danieli chaputala 7, kenaka umboni wa munthu wolira. Voliyumu nayo siyofanana. Wina anajambulidwa bwino, wina anajambulidwa pa foni pa msonkhano wachitsitsimutso, jenereta ikumveka kuposa mlaliki. Kwa gogo wosaona bwino zimenezi n'zotopetsa.

Chabwino koposa m'khadimu ndi Baibulo lowerengedwa chabe, lopanda ndemanga ya munthu. Muli Mateyu 24 ndi 25, makalata awiri a Atesalonika, Danieli, ndi machaputala onse 22 a Chivumbulutso. Ndi mawu a Buku Lopatulika lija la 1922, lomwe apongozi anakulira, moti wowerengayo akamayamba vesi iwo amamalizitsa. Ngati makolo anu anazolowera Buku Loyera, funsani kaye musanalipire.

Palinso abusa ena achikulire, dzina silinalembedwe, omwe amalalikira Mateyu 25:31-46 mosakuwa. Amangoyala zimene Mfumu idzatchule posiyanitsa nkhosa ndi mbuzi: wanjala, waludzu, mlendo, wausiwa, wodwala, wam'ndende. Kenaka amafunsa mpingo wawo kuti ndani anapondako ku ndende ya Chichiri kukaona munthu amene si m'bale wake, ndani anatengako phala kupita nalo ku wodi ku Queens kwa wodwala wopanda womudikirira. Mpingo umangoti zii. Amanenanso mfundo yomwe ine sindinkaiona, yoti mbali zonse ziwiri zidzadabwa, a kudzanja lamanja omwe sadzakumbukira kuti anachita liti zimenezo. Ulaliki umenewu wokha ukukwanira ndalama yomwe ndinapereka. Umaopsa ndithu, koma umakusiya ukudziwa choti uchite kukacha.

Tsono zotsalazo.

Gawo lalikulu ndi maumboni a anthu oti anafa, anakaona gehena, n'kubwerako. Ndawamvera onse pochapa ndi posita, ndipo gehena wawo ndi wodzaza ndi akazi. Uyu akupsa chifukwa cha thalauza, uyu mawigi, uyu ndolo, uyu anapenta zikhadabo. Amuna omwe alimo ndi a mowa ndi fodya basi. Sindinamvemo bwana wobisa malipiro a wantchito, pomwe Yakobo 5:4 akunena poyera kuti malipiro otere amafuula. Sindinamvemo wa sikelo yobera anthu, yomwe Amosi 8 akuidzudzula, chikhalirecho aliyense wogula chimanga kapena wogulitsa nandolo kwa mavenda amaidziwa sikelo imeneyi. Wolanda katundu wa mayi wamasiye maliro asanathe, nayenso mulibe. Tchimo lomwe maumboniwa amaliona ndi lija looneka pa thupi la mkazi akamadutsa pamsewu.

Ndipo chodabwitsa, m'khadi yomweyi mulibe Luka 16. M'fanizo la Lazaro, mwini chuma ali m'mazunzo anapempha kuti wina achoke kwa akufa akachenjeze abale ake asanu, Abrahamu n'kukana, nati ali ndi Mose ndi aneneri, akapanda kumvera amenewo sangatembenuke ngakhale wakufa atauka. Mwini chumayonso sitimva kuti anavala chosayenera. Anali ndi munthu wazilonda pakhomo pake, iye n'kumadya.

Gawo lina ndi la 666, nambala ya chilombo cha m'Chivumbulutso. Mlaliki wina akulumbira kuti chiphaso cha unzika ndicho chizindikiro cha chilombo. Zikuoneka kuti anajambula nthawi ya kalembera wa 2017, ndipo lero tonse tili nacho chiphasocho, ndikhulupirira ndi iye yemwe, apo ayi ku banki ndi kolembetsa simu khadi amatani? Wotsatira wake akunena zomwezo za katemera wa Covid-19 wa mu 2021. Chivumbulutso 13 chimamanga chizindikirocho pamodzi ndi kulambira chilombo, koma alalikiwa za kulambira sazikhudza, amangothamangira pa singano ndi pa kakhadi. Kwa nkhalamba ya BP yomwe imafunika kuchipatala mwezi ndi mwezi, ulaliki woopseza singano ndi woika moyo pachiswe.

Mudziwenso kuti khadiyi imasakaniza ziphunzitso za mipingo yosiyana osakuuzani. Wina akuphunzitsa mkwatulo wachinsinsi, kuti okhulupirira adzatengedwa kupita kumwamba chisautso chachikulu chisanayambe, monga amanenera ambiri a Pentekosite. Wina akumanga chizindikiro cha chilombo ndi nkhani ya Sabata ndi Lamulungu, zomwe ndi za Adventist. Wina akuti 144,000, chiwerengero cha anthu osindikizidwa chizindikiro cha Mulungu m'Chivumbulutso, ndi nambala yeniyeni, mnzake akuti n'chiphiphiritso. Aliyense pa mpingo wake ali ndi ufulu, koma kuwamvera motsatizana osadziwa kuti uyu ndani, mutu umazungulira. Apongozi anakulira mu CCAP, kumene Lamulungu lililonse amavomereza mwachidule kuti Ambuye adzabweranso kudzaweruza amoyo ndi akufa, popanda tchati cha zaka. Tsiku lina anandifunsa ngati abusa awo akhala akuwabisira zina.

Mmodzi amafika potchula chaka. Sananene tsiku, wochenjera, koma akuti m'badwo uno sufika chaka chakutichakuti, ndipo chakacho chinadutsa kale. Matenda amenewa ndi akale. Otsatira William Miller ku America anadikira pa 22 Okutobala 1844, kunja n'kucha bwinobwino. Harold Camping anaika 21 Meyi 2011. Kwathu konkuno Elliot Kamwana, cha m'ma 1908 ndi 1909, anabatiza anthu pafupifupi 10,000 ku Nkhata Bay akulalikira kuti 1914 zonse zisintha, mpaka atsamunda anamuthamangitsa m'dziko. Mantha oti dziko litha mu 2000 ambirife tikuwakumbuka tokha. Mateyu 24:36 ili m'khadi momwemu, ikunena kuti tsiku ndi ola palibe akudziwa, angelo omwe. Paulo naye polembera Atesalonika kachiwiri anachita kuwakalipira ena amene anasiya ntchito n'kumangoyendayenda.

Koma chomwe chinandibweza ku Limbe ndi ulaliki wa namondwe wa Freddy. Mlaliki akunena mokuwa kuti matope amene anatsika m'phiri la Soche mu Malichi 2023 anali chikwapu cha Mulungu pa machimo a Blantyre, akuyerekeza Chilobwe ndi Sodomu. Ife tikukhala pansi pa phiri lomwelo. Tinamva mkokomo wake, tinaona amuna akukumba ndi makasu ndi manja kufunafuna ana. M'dziko muno munafa anthu oposa 600, ena ambiri sanapezeke mpaka lero. Amene anakokoloka ku Chilobwe ambiri anali anthu a lendi yotchipa, omanga m'mbali mwa phiri chifukwa malo abwino sangawakwanitse, pa phiri lomwe mitengo inatha kalekale ndi makala ndi nkhuni. Ngati chinali chilango cha machimo a mzinda uno, bwanji chinalambalala nyumba za mipanda n'kukagwera ogulitsa mandasi ndi makanda ali kumsana?

Yesu anafunsidwapo nkhani yotereyi. Pa Luka 13 akutchula anthu 18 omwe nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nafunsa ngati anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Yankho lake ndi ayi, ndipo kulapako akukulozetsa kwa amene akumvera, amoyowo. Pa Yohane 9 ophunzira atafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu abadwe wosaona, anawayankhanso kuti si iye kapena makolo ake. Mlaliki wa m'khadiyu watenga mpando woweruzira womwe si wake, n'kuweruza anthu oti sangathenso kudziyankhira. Tsiku lomwe ulalikiwu unalira pakhonde panali mayi wina wa Mvano amene anataya mdzukulu pa ngoziyo. Anangonyamuka, n'kutsanzika mwaulemu.

Sindikunena kuti za chiweruzo zichotsedwe kuti tizingomva za madalitso, ayi. Maulaliki a "chaka chino ndi chako" nawonso anatikwana. Chivumbulutso 20 chili apo ndi mpando wachifumu woyera ndi mabuku otsegulidwa, ndipo apongozi amachimvera mobwerezabwereza popanda mantha, amati bola kumeneko woweruza salandira chiphuphu. Munthu amene anaona katundu wa malemu amuna ake akutengedwa ndi achibale amamva chiweruzo mosiyana ndi ife.

Nditabwerera, mnyamata uja sanavute. "Mayi, ine ndimangokopera, sindimvera zonse," anatero, ndipo ndikumukhulupirira, pakuti mafoda amenewa amangopatsirana okhaokha. Anafufuta maumboni onse, za 666 ndi za Freddy, osandilipiritsanso. Ndinamupempha kuti aike manambala kumayambiriro kwa dzina la chilichonse n'kuzikoperanso mwa ndondomeko, Baibulo poyamba, abusa achikulire aja pakati, makwaya kumapeto, ndipo anawonjezeramo Luka yense ndi Masalimo. Ulaliki umodzi wa mkwatulo unatsala chifukwa eni wailesi anaukaniza, akuti mlalikiyo amaimba bwino pomaliza.

Mukapita, tengani kawailesi kanu, khalani pa benchi mumvereko chiyambi cha chilichonse, ndipo musavomere mawu oti "ndakuikirani zonse". Pewani Loweruka masana, pamakhala mzere wa anyamata oikitsa mafilimu ndipo sangakupatseni nthawi yosankha.