Tsiku limene ŵ inasowa pa dzina la Malaŵi

Abale anga kumudziko, chaka chino n'chachitatu ndili ku Nagoya, mzinda wa ku Japan, kumene ndimagwira ntchito pa kakampani kotumiza kunja magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito. Ma Vitz ndi ma Sienta adzaza m'misewu ya Lilongwe aja, ambiri amakwera sitima pa madoko ngati la kuno n'kudzatsikira ku Dar es Salaam. Ine ndimasamalira tsamba la kampani la pa intaneti, ndipo nkhani iyi ndikulembera makamaka inu achinyamata amene mukuphunzira zamakompyuta.

Abwana anga, mdala waulemu kwambiri, anandipempha kuti ndiikepo moni wa Chichewa poganizira makasitomala a kwathu. Ndinalemba kuti "Takulandirani, abale a ku Malaŵi." Nditatsegula tsambalo, pamene panayenera kukhala ŵ panali chizindikiro cha funso: Mala?i. Zinandikhudza kuposa mmene ndinkaganizira. Munthu ukakhala kutali chonchi, dzina la dziko lako ndi kanthu kamene umakagwira mwamphamvu.

Kompyuta siidziwa chilembo, imadziwa nambala basi. Pamafunika kaundula wonena kuti nambala yakuti ndi chilembo chakuti, ndipo kaundulayo ndi amene amatchedwa encoding. Wakale uja, ASCII, ali ndi malo 128 okha, okwanira Chingerezi. Nanga Chijapanizi, chokhala ndi zilembo za mitundu itatu, hiragana 46, katakana 46, kuphatikiza kanji 2,136 za tsiku ndi tsiku? Anthu a kuno anadzipangira akaundula awo: Shift_JIS pa Windows, EUC-JP pa makina a Unix, ISO-2022-JP pa maimelo. Tsamba lathu linali la Shift_JIS, ndipo m'menemo ŵ wathu mulibe malo ake.

Ndinapempha kuti tisamukire ku encoding ina yotchedwa UTF-8, imene Ken Thompson ndi Rob Pike anaikonza mu 1992, yomwe imanyamula zilembo zonse za Unicode, mndandanda waukulu wa zilembo za zilankhulo za padziko lonse. Mnzanga wa pantchito anakana poyamba. Anati kanji imodzi imadya ma byte (timiyeso ta malo mu kompyuta) awiri mu Shift_JIS koma atatu mu UTF-8. N'zoona ndithu, komabe chithunzi chimodzi cha galimoto chimalemera kuposa mawu onse a patsambapo, ndiye anagonja.

Madzulo ake ndinasintha mafayilo onse, ndinaika pamwamba mzere wa meta charset, umene umauza browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti) encoding ya tsambalo, n'kuweruka. Kutacha ndinapeza ofesi ili zii, aliyense maso pa kompyuta. Chijapanizi chonse chinali chitasanduka zilembo zachilendo, 縺 ndi 繧 zili mbwee paliponse, moti ngakhale eni chilankhulo sankatha kuwerenga. Iwo amati mojibake, kutanthauza zilembo zosandulika, ndipo ndi liwu limene aliyense kuno amalidziwa, osati a zamakompyuta okha.

Cholakwa chinali changa. Server, kompyuta imene imasunga ndi kutumiza tsambalo, inkauzabe browser kuti tsambali ndi la Shift_JIS, ndipo mawu a server amapambana mawu a meta. Fayilo yeniyeniyo, mzere wa meta ndi server zimayenera kunena chimodzi, database (nkhokwe yosungiramo zolemba za tsambalo) nayonso osaiiwala. Mzere wa meta ukhale mkati mwa ma byte 1,024 oyambirira, apo ayi browser siuwona msanga. Kukonza kwake kunatenga mphindi zochepa, koma kupepesa kunatenga tsiku lonse, poti kuno kupepesa ndi nkhani yaikulu.

Vuto lina linatulukira kwa mayi wowerengera ndalama. Akatsegula fayilo ya CSV (ya mizere ya mawu ndi manambala) mu Excel, Windows ya Chijapanizi inkaiwerenga ngati Shift_JIS. Ndinangoika ma byte atatu otchedwa BOM kumayambiriro kwake, ouza Excel kuti fayiloyo ndi ya UTF-8, zonse zinawongoka. Mayiwa ndi amene anandionetsa kuti anthu a kuno nawonso amamva ululu umene ndinamva. Mabanja ena a Takahashi amalemba dzina lawo ndi 髙, ena ndi 高, ndipo choyambacho chimasowa pa makina ena akale. Anandiuza kuti kulembera kasitomala kalata ndi chilembo cholakwika n'chipongwe kwa banja lake lonse.

Lero Chijapanizi ndi Chichewa zili pa tsamba limodzi. Abwana ataona kachipewa ka pamwamba pa ŵ anandifunsa katchulidwe kake, ndipo ndinawaphunzitsa kuyandikiza milomo popanda kuitseka. Anayeserera kangapo ataima pambali pa desiki yanga, mpaka anatchula bwinobwino kuti Malaŵi.