Miyezi 9 ndikumwa cyclosporine chifukwa cha ziwengo zosatha

Ziwengo zanga zinkatuluka madzulo, ndikangoweruka kuntchito kuno ku Johannesburg. Khungu linkatupa zigamba zofiira pamimba ndi m'ntchafu, kuyabwa kosagonetsa tulo, ndipo masiku ena milomo inkatupa. Kukacha zina zafota, zina zatulukira pena. Zinatero chaka ndi theka. Ndinasiya mtedza, mazira, usipa umene mayi amanditumizira, ndinasintha sopo, koma osasintha kanthu. Dokotala wa khungu atandiona anati ndi chronic urticaria, kutanthauza ziwengo zosatha za pakhungu, ndipo kwa anthu ambiri chakudya sichikhala gwero lake.

Tinayamba ndi cetirizine, piritsi limodzi patsiku, kenako mpaka 4. Kuyabwa kunachepako koma zotupa osaleka. Prednisolone ankazizimitsa kwa sabata, ndikangomaliza mapiritsi n'kubwerera mwamphamvu. Jakisoni wa omalizumab, amene madokotala amafuna kuyesa kaye, thumba langa silikanakwanitsa. Ndi mmene tinafikira pa cyclosporine, mankhwala amene amapatsidwa kwa anthu oikidwa impso kapena chiwindi cha munthu wina kuti thupi lisachikane.

Ndinachita mantha, ndipo ndinafunsa kuti mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi akukhudzana bwanji ndi kuyabwa. Yankho la adokotala ndi limene linandilimbitsa mtima. Pakhungu pali maselo otchedwa mast cell, amene Paul Ehrlich anawafotokoza mu 1878. M'kati mwake muli timatumba todzaza histamine, chinthu chimene chimayambitsa kuyabwa ndi kutupa. Selo likaputidwa, limakhuthula timatumbato, timitsempha ta magazi n'kuyamba kuchucha madzi, khungu n'kutupa. Kwa ena a ife, chimene chimaliputa ndi asilikali a m'thupi mwathu momwe. Cetirizine amadikirira histamine atatuluka kale n'kumutsekera pofikira. Cyclosporine amalowa m'selomo n'kugwira puloteni yotchedwa calcineurin, imene selo limadalira kuti likhuthule timatumba, komanso amafooketsa ma T cell, omwe ndi ena mwa asilikali a m'thupi. Ofufuza a ku Naples ku Italy anaonetsa mu 1992 kuti mankhwalawa amachepetsa histamine wotuluka m'ma mast cell a pakhungu la munthu. Prednisolone ndi anzake sachita zimenezi mwachindunji, ntchito yawo yaikulu ndi kuziziritsa kutupa kobwera pambuyo. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake ndinkangozungulira malo amodzi.

Ndimalemera makilogalamu 70, choncho anandiyambitsa pa 100 mg m'mawa ndi 100 mg madzulo. Tsiku lachisanu ndinagona usiku wonse osadzikanda. Pomatha sabata yachitatu panalibe chotupa ngakhale chimodzi. Amene sanadwalepo matendawa sangamvetse kuti kuvala malaya osamva ngati muli chitedze n'chinthu chachikulu bwanji. Mkazi wanga ndiye anayamba kuona kuti ndasiya kupsa mtima pa zinthu zazing'ono.

Koma mankhwalawa amalipiritsa, ndipo sindikunena za ndalama zokha. Makapisozi ake ndi aakulu ndipo amanunkha ukangoboola pepala lake. Mwezi woyamba manja ankanjenjemera pang'ono ndikagwira kapu, zala n'kumathetheka. Mwezi wachitatu BP inakwera kufika 150/95, ine amene ndinali ndisanakhalepo ndi vutoli. Nkhama zinakhuthala, ubweya wa m'mikono unachuluka. Magazi ankanditenga milungu iwiri iliyonse poyamba, kenako mwezi ndi mwezi, kuti aone creatinine, nambala yosonyeza mmene impso zikugwirira ntchito, chifukwa cyclosporine amapanikiza mitsempha ya mu impso ndipo munthu sumva kupweteka kulikonse impsozo zikamavutika. Kamodzi nambala inakwera, adokotala anatsitsa mlingo kufika 150 mg patsiku, ndipo inabwerera m'malo mwake. Chikanakhala kuti sindinapite kukayezetsa mwezi umenewo, sindikanadziwa.

Ichi n'chimene chimandidetsa nkhawa ndikamva anzathu akutumizirana mankhwala m'mabasi opita kumudzi. Mlongo wanga ku Mzimba ali ndi ziwengo zofanana ndi zanga ndipo anandipempha kuti ndimugawireko. Ndinakana, ngakhale zinandiwawa. Ndisanayambe anandiyeza HIV, TB, matenda a chiwindi ndi impso. Rifampicin wa TB amachititsa kuti cyclosporine athe msanga m'magazi, pamene fluconazole amamuchulukitsa mpaka kufika poopsa. Ibuprofen ndi diclofenac, amene timangogula pa golosale mutu ukawawa, amawonjezera katundu pa impso. Ngakhale chipatso cha grapefruit anandiletsa. Ndinamutumizira ndalama yoyendera kuti akaonane ndi dokotala wa khungu.

Chimfine ndadwala kawiri m'miyezi imeneyi, ndipo chachiwiri chinatenga pafupifupi milungu itatu kuti chithe.

Kuyambira mwezi wa 6 takhala tikutsitsa pang'onopang'ono, popeza awa si mankhwala omwa zaka zambiri pa vuto la khungu. Nditafika pa 50 mg, zigamba ziwiri zinatuluka pamkono usiku wina, mtima unagunda, koma cetirizine mmodzi anazithetsa, zimene kale sizinkatheka. Kwa munthu amene mapiritsi a ziwengo amukanika ndipo ali ndi pokayezetsa magazi ndi BP mosadumphitsa, ine ndinganene kuti ayese, moyang'aniridwa ndi dokotala. Panopa BP yanga ili pa 128/82, nkhama zayamba kubwerera, ndipo tagwirizana kuti zotsatira za magazi za mwezi wamawa zikakhala bwino ndisiyiretu.