Bat yopyapyala yophunzirira kiriketi: miyezi isanu ndi itatu m'galaja mwathu

Bat imeneyi, mtengo womenyera mpira pa kiriketi, ndinaigula mu February pa sitolo ina ya zamasewera kuno ku Johannesburg, pamodzi ndi mpira wachikopa womangidwa kuchingwe. Anandilozera ndi kochi wa kusukulu ya ana anga. Malamulo a kiriketi salola bat kupitirira masentimita 10.8 m'lifupi, ndiye iyi ndi pafupifupi theka la pamenepo, ngakhale kutalika kwake sikusiyana ndi inzake. Ukaphonya pakati, mpira umangokudutsa, kapena chogwirira chimanjenjemera mpaka m'zigongono.

Ndili ndi anyamata awiri. Wamkulu, wa zaka 13, anabadwa ndi diso. Tsiku loyamba kugwira bat anamenya mpira mpaka kuseri kwa mpanda popanda womuphunzitsa. Wamng'ono ali ndi zaka 11 ndipo chaka chatha chonse ankabwera kunyumba maso ali pansi. Madzulo ena anandifunsa kuti, "Adadi, kodi ineyo ndingosiya?" Mtima unandiwawa. Bat iyi ndinagulira iyeyo.

Pa chakudya chamadzulo awiriwa amakangana za akatswiri. Wamkulu salankhula za wina koma AB de Villiers, amene mu January 2015 anakwanitsa ma run (mapointi a kiriketi) 100 pa mipira 31 yokha pa bwalo la Wanderers pompano, akusewera ndi West Indies. Amatchulanso Brian Lara, amene anapeza ma run 501 akusewerera timu ya Warwickshire mu 1994 ndi 400 ku Antigua mu 2004. Mwanayu amati anthu otere sapangidwa m'galaja, ndipo pena ndimamuvomereza. Ukaonera Lara atakweza bat mpaka pamwamba pa mutu n'kuitsitsa ngati chikwapu, umadziwa kuti pali china chimene kochi aliyense sangachiike mwa mwana.

Koma ine munthu amene ndimamuuza wamng'onoyu ndi Hashim Amla. Analowa timu ya South Africa mu 2004, sizinamuyendere, ndipo anamuchotsa. Odziwa masewerawa ankanena poyera kuti bat yake imatsika mokhota, moti sangalimbe pamaso pa oponya mpira mwaliwiro. Iye anabwerera ku Durban kukakonza kamenyedwe kake. Atamuitananso mu 2006 anapeza ma run 149 pa bwalo la Newlands pokumana ndi New Zealand, ndipo mu 2012 pa bwalo la The Oval ku London anafika 311 osatuluka, kukhala woyamba wa dziko lino kudutsa 300 pa Test, masewero a masiku asanu a pakati pa mayiko. Chimene chimandikhudza n'chakuti amene anayamba kumuonera mochedwa ankati ndi luso lobadwa nalo, poona kufewa kwa manja ake. Zaka zovuta zija sanazione.

Palinso Marvan Atapattu wa ku Sri Lanka. Maulendo ake asanu ndi limodzi oyamba kumenya pa Test anapeza run imodzi yokha. Imodzi! Anamaliza atadutsa 100 maulendo 16, ndipo kasanu n'kamodzi anafika 200. Mwana wanga atamva zimenezi anafunsa kawiri ngati ndikunena zoona.

Tinamangirira chingwe chija kumtanda wa denga la galaja. Sabata ziwiri zoyamba zinali zomvetsa chisoni: pa mipira khumi ankakhudza itatu kapena inayi. Ubwino wa bat yopyapyala ndi woti imakuuza cholakwa nthawi yomweyo, bambo asanatsegule pakamwa. Mutu ukapendekera kumbali, waphonya. Phazi likachedwa, waphonya. Pofika May anasiya kusuntha mutu, ndipo kaphokoso ka mpira pamtengo kanasintha, kanayamba kumveka kolimba. Ndinkakamva ndili kukhitchini. Atabwerera ku bat yake ya masiku onse anati ikuoneka ngati chitseko.

Wamkulu anaiyesa masiku atatu n'kuitaya pakona. Inamuonetsa chimene bat yaikulu inkamubisira, kuti amamenya ndi manja okha mapazi ataima. Sanakondwe nazo. Ndinamukumbutsa kuti Don Bradman, katswiri wa ku Australia amene avereji yake ya ma run 99.94 pa Test palibe waifikapo, ali mwana ku Bowral ankaponya kampira ka gofu pa njerwa zimene panakhala thanki ya madzi n'kumakamenya ndi stump imodzi (kamtengo kozikidwa kumbuyo kwa womenya), payekha. Munthu wamphatso kuposa onse ndiye ankasewera ndi kamtengo kopyapyala kuposa aka. Mwanayo anangoti, "Ndamva adadi," koma mpaka lero sanaitole.

Zolakwika zilipo. Labala ya chogwirira inang'ambika isanathe miyezi iwiri, ndinagula ina. Chingwe chimalala pamene chimakhulana ndi mtanda, choncho muzikulungapo nsalu kapena tepi. Phokoso lake si laling'ono, ndipo ngati khoma ndi limodzi ndi aneba muyenera kugwirizana nthawi. Ife timasiya 6 koloko. Chachikulu n'chakuti mpira wa pachingwe sudunda pansi, ndiye suphunzitsa mwana kuwerenga mpira wopota kapena wonjanja mpaka pachifuwa. Pa zimenezo muyenera kumuponyera nokha pabwalo, ndipo ife timachita Loweruka m'mawa. Bat yokhayo ikadali yolimba, ilibe mng'alu ngakhale umodzi.

Ngati mwana wanu ndi uja amene aphunzitsi amamuika kumapeto kwa mndandanda wa omenya mpira, gulani. Ndalama zake sizifika pa mtengo wa bat yabwino ya mpikisano. Ngati ndi uja woyamikiridwa ndi aliyense, gulaninso, koma konzekani kuti adzaida.

Nyengo ya kiriketi itayamba mu October, kochi anamukweza wamng'ono uja kukhala wachinayi pa mndandanda. Loweruka lapitali anakhala akumenya mpira osatuluka pafupifupi ola lathunthu n'kupeza ma run 23. Titafika kunyumba sanavule n'komwe yunifolomu, analunjika kugalaja.