Vaisi yonolera tcheni ya pa Dedza boma: chitsulo ndachivomera, mwini shopu ayi

Anzanga ocheka matabwa akhala akundifunsa za vaisi imene ndimanolera tcheni ya chainsaw, ena mpaka akufuna ndiwaperekeze kumene ndinaigula. Ndiye ndati ndilembe zonse pano, aliyense adziwe chimene akukagula asanatulutse ndalama zake.

Kwa amene simunaione, ndi zitsulo ziwiri zafulati zoyang'anizana, zotalika pafupifupi masentimita 30. Pakati pake pamalowa timiyendo ta tcheni, tija timayenda mu ngalande ya baa, chitsulo chachitali chija chimene tcheni imazungulirapo pa makina. Ukamanga bawuti zitsulozo zimapana tcheni, mano n'kutsala pamwamba ali chilili. Kunsi anawotchererako zisonga ziwiri zoti uzikhomera pa chitsa ukakhala kutchire. Amapanga ndi bambo wina wowotcherera pa boma pomwepa. Dzina sinditchula, koma akawerenga adzidziwa okha.

Chimene ndinaifunira n'chodziwika kwa aliyense wocheka. Baa ikakalamba ngalande yake imakula, ndiye ukamanolera pa makina pomwepo tcheni imapendekera uku ndi uku tupa ikangoikhudza. Ine ndimagwiritsa makina a Stihl MS 382, tcheni ya saizi ya 3/8, tupa yozungulira ya 5.2 mm. Podula chipika chopingasa dzino umalinola pa madigiri 30, koma ife ong'amba matabwa motsata kutalika kwa mtengo timatsitsa mpaka cha pa 10 kuti thabwa lituluke losalala. Madigiri 10 amenewo safuna tcheni yogwedera. Ukangophonya pang'ono, mano akumanja ndi akumanzere amasiyana, makina n'kuyamba kukhota okha mkati mwa chipika.

Tsiku limene inandichititsa manyazi ndinali ku Bembeke, mu June, kukuzizira moti zala zimakana kupindika. Mayi wina anandilemba ntchito yocheka mabulugamu ake, akufuna matabwa a denga la nyumba. Mtengo umodzi unali wa m'malire a munda, ndipo mukudziwa mitengo ya m'malire imabisa zambiri. Wina kalekale anakhomapo msomali wa waya, mtengo n'kuumeza. Ndinangomva kulira kwachilendo, moto n'kuthetheka. Pozimitsa makina ndinapeza mano a mbali imodzi aphwanyika nsonga. Zotere si zopukuta ndi tupa kawiri katatu ayi. Umafunika kudya dzino lililonse mpaka pamene pathera kuphwanyikako, kenako n'kufupikitsa ena onse kuti alingane nalo. Ndinati lero ndiye tsiku la vaisi yatsopano.

Ndinaikhomera pa chitsa, kuchotsa tcheni pa makina, kuilowetsa, kumanga bawuti. Bawuti yake inali imodzi yokha, chakumapeto. Mano awiri oyandikana nayo anagwidwa bwino, koma kupita kutsogoloku tcheni imangoseweza mutu. Nditasuzumira pakati pa zitsulozo ndinaona kuwala kukudutsa. Moto wowotcherera unali utazipinda, ndiye zimangokumana pa bawuti pokha. Kuwonjezera apo, pamwamba pa chitsulo chimodzi panatsala timatuza ta zowotcherera tosapalidwa, moti tcheni imakhala chopendama, mbali ina pamwamba ina pansi. Ndinamanga kwambiri ndi sipanala kuti mwina igwira. Mazinga a bawuti anangoti pululu, kutheratu, nati n'kumazungulira yokha.

Pamenepo n'kuti mayi aja ataima poteropo ndi anyamata awo awiri odzanyamula matabwa, akundiyang'ana. Ndinamaliza kunola tcheniyo dzanja limodzi litapana zitsulo, lina likukankha tupa. Nditaibwezera pa makina, utuchi umatuluka wosalala ngati ufa woyera, chizindikiro choti mano akungokanda osadula. Ndinkachita kukanikiza ndi thupi lonse, makina akukokera kumanzere, petulo akungopsa, mafuta mmene ankavutira nthawi imeneyo. Chipika chabwinobwino chinatulutsa matabwa onenepa uku, owonda uku. Mayi aja sanakalipe. Anangonena kuti, “Bambo, awa kalipentala wanga sangawalandire,” ndipo madzulo anandidula ndalama. Sindinawatsutse, mtengo unali wawo ndipo unawonongekadi.

Mkwiyo wanga weniweni uli pa zimene zinachitika nditabwerera ku shopu. Ndinafika mwaulemu, kupereka moni, kuika vaisi pa tebulo lawo n'kuwaonetsa mpata uja ndi bawuti yakuphwa mazinga. Bambowo sanavule n'komwe magalasi awo akuda. Anati, “Achimwene, vaisi sinola tcheni, limanola ndi dzanja. Mwina dzanjalo ndiye lili ndi vuto.” Pamaso pa anthu, ena odzawotcheretsa njinga, ena mbaula. Ine ndinayamba kugwira tupa iwo asanagule n'komwe makina awo owotchererawo. Nditafunsa zobweza ndalama anati katundu akatuluka sabwerera, ndikafuna kuti akonze ndiwonjezere ina. Ndinawafunsa ngati anayesapo kulowetsamo tcheni asanandigulitse. Anati iwo tcheni alibe, si ocheka matabwa. Ndiye munthu upanga bwanji chopanira chinthu chimene sunachigwirepo?

Amene anandipulumutsa ndi mnyamata wophunzira ntchito pa shopu pomwepo. Abwana ake atachoka kukadya, anandiitanira kuseri n'kunena chapansipansi kuti, “Madala, isiyeni, mubwere ndi tcheni yanu yakale.” Ndinamupititsira. Anachita kudikira tsiku la magetsi, koma zimene anachita n'zimene zandipangitsa kuti ndemangayi isakhale yotukwana yokhayokha.

Zitsulo zopindika zija anazitaya n'kuikapo zina zokhuthala, zosapindika wamba. Sanaziwotcherere mzere wonse nthawi imodzi, amagwiriza pano n'kusiya kuti pazizire, kenako apo, kuti moto usazikokenso. Pamwamba anapala mpaka ponse kulingana, moti ukagoneka tcheni imakhala mowongoka. M'malo mwa bawuti imodzi anaika awiri, uku ndi uku, iliyonse ndi kachogwirira kowotcherera kuti ndisamafune sipanala. Pakati anaikamo kasipuling'i kochokera mu injini yakale ya njinga yamoto, ndiye ukamasula zitsulo zimatseguka zokha, tcheni n'kumatsetsereka. Timiyendo ta tcheni yanga n'tokhuthala 1.6 mm, koma anayesanso ndi ya mnzanga wa makina a Husqvarna ya 1.5 mm, imagwira chimodzimodzi. Chimene chinandisangalatsa koposa sindinachipemphe n'komwe. Anawotcherera kambale kakang'ono m'mbali n'kulembapo mizere iwiri ndi sowo yodulira zitsulo, wina wa madigiri 30, wina wa 10. Atandifunsa kuti ndimanola bwanji ndinangomufotokozera kamodzi, iye n'kukabwereka choyezera makona kwa mwana wasukulu.

Tsopano vaisiyi ikugwira ntchito, ndisaname. Dzino likapanidwa silisuntha, tupa imaluma ndithu, ukukankhira kutsogolo kokha kuchokera mkati mwa dzino kupita kunja, pobwerera n'kuitukula. Chifukwa manja onse awiri ali pa tupa, umatha kuisunga pamlingo woyenera, kagawo kakang'ono kakuoneka pamwamba pa dzino, osati kumira pansi n'kumadya tcheni yeniyeniyo. Timapewa tija timatsogolera dzino lililonse, timene timalamula kuti lilume mozama bwanji, nato ndimatitsitsira pomwepo ndi tupa yafulati. Timayenera kutsika ndi 0.65 mm kuchokera pa nsonga ya dzino. Ambiri timatiiwala, n'kumadabwa kuti tcheni yakuthwa sikudula, kapena timatitsitsa mopitirira makina n'kumalumpha m'manja, zomwe n'zoopsa. Pa vaisi umationa bwino tonse mu mzere umodzi. Paini amene ndacheka cha ku Chongoni posachedwapa watulutsa utuchi wokhakhala, makina akudziyendera okha osakanikiza, ndipo tcheni ikukhalitsa chifukwa sindikudyanso dzino mopitirira muyeso pofuna kukonza kupendama.

Zolakwika zilipobe. Ndi yolemera, ukaiphatikiza ndi makina, chigubu cha petulo ndi oyilo pokwera phiri umaimva pamapewa. Sanaipake penti, ndiye ndi nkhungu ya kunoyi imachita dzimbiri msanga, ndimangoipaka oyilo wakale. Zisonga zokhomera pa chitsa n'zofewa, pa paini zimalowa bwino koma pa chitsa chouma cha bulugamu chimodzi chinapindika. Komanso pamafunika kuchotsa tcheni pa makina, ndiye kupukuta kwa pakati pa ntchito ndimachitirabe pa baa. Vaisi ndi ya madzulo kunyumba kapena tsiku limene wagunda mwala kaya msomali.

Amene mukufuna kugula, pitani ndi tcheni yanu. Ilowetseni pomwepo, mangani, gwedezani dzino lililonse ndi chala kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Kwezani vaisiyo kudzuwa muone ngati kuwala kukudutsa pakati. Ikakhala ya bawuti imodzi isiyeni, ngakhale akutsitsireni mtengo. Ndipo musalipire zonse musanayese.

Ndamva kuti tsopano bambo aja akugulitsa za mabawuti awiri ndi mizere ya madigiri, mtengo awonjezera, ndipo akuuza anthu kuti nzeru yake ndi yawo. Mnyamata uja ndinamupatsa yanga ya sopo mobisa, abwana ake asaone. Vaisi ndaipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu chifukwa cha iyeyo. Mwini shopu sindimupatsa kanthu. Ndalama imene ndinadulidwa ku Bembeke sanandibwezereko ngakhale tambala, ndipo tikakumana pa msika amandipatsa moni ngati palibe chinachitika.