Pulogalamu yoyendetsera ntchito ija: chaka chatha, bilu yafika

Bilu ya chaka chachiwiri yafika sabata ino, ndiye ndati ndilembenso za pulogalamu yoyendetsera ntchito imene ndinaiyamikira kwambiri chapakati pa 2023. Kwa amene simunawerenge poyamba paja, ndili ndi kakampani ka zomangamanga kuno ku Mzuzu. Ofesi ili ku Luwinga, koma ntchito zambiri zimakhala ku Ekwendeni, ku Rumphi ndi mbali za Nkhata Bay. Pulogalamuyi ndi ya kampani ya kunja, ndipo ndinaipeza kudzera kwa mnyamata wina wa ku Lilongwe. Iye amalipira m'madola, ine n'kumamubwezera makwacha pa foni.

Zabwino zake sindibisa. Ntchito iliyonse ili ndi tsamba lake, moti ndili mu ofesi ndimaona kuti uku maziko atha, uku khoma lafika pa mawindo, uku tikudikira malata. Makapitawo amaikapo zithunzi. Imakumbutsa tsiku lolipira amisiri. Mikangano ya "simunandiuze" inachepa ndithu.

Koma pali vuto limodzi lomwe silinathe mpaka lero, ndipo landidyera ndalama. Pulogalamuyi siidziwa chochita kumene netiweki imavuta.

Nthawi ya mvula tinkamanga nyumba kupitirira Bolero. Kumeneko munthu amachita kukwera pa chulu kuti foni igwire. Lole ya simenti itafika, kapitawo anawerenga matumba n'kulemba pomwepo, foni n'kumuonetsa kuti zasungidwa. Masana omwewo mtsikana wa mu ofesi anasintha tsiku lofolera pa tsamba lomwelo. Madzulo foni ya kapitawo itapeza netiweki, pulogalamu inaona kuti tsamba lasinthidwa mbali ziwiri. Inasunga za mu ofesi, za kapitawo n'kuzitaya, popanda ngakhale chenjezo. M'mawa mwake tsamba linkaonetsa kuti simenti sinafike, foni ya kapitawo osalowa, amisiri ali pamalopo ndipo tsiku lawo ndi lolipira. Ndinatumiza lole ina, ndi dizilo wochita kugonera pa mzere. Chakumadzulo kapitawo anaimba: "Bwana, simenti iyi ndiike pati? Yoyamba ija ilipo, sitinaiyambe n'komwe." Kanyumba kosungiramo katundu kanali kodzaza, matumba ena anagona pansi pa lona, ndipo angapo anauma gwa ndi chinyezi. Mtima unandiwawa kwambiri, makamaka poona kuti munthuyo ntchito yake anaigwira bwinobwino.

Zachitikanso kangapo pa zinthu zing'onozing'ono, maina a aganyu, kuchuluka kwa njerwa. Makapitawo anasiya kuikhulupirira. Akalemba mu pulogalamu amalembanso m'kope.

Ndinadandaula, ndipo apa mpamene ndinaona kuti kampaniyo yakula. Pamene ndinkayamba, ukalemba uthenga ankayankha munthu weniweni, mawa lake lomwe. Tsopano imayankha makina, kukupatsa nambala ya dandaulo, kenako zii. Pa chaka chimodzi chomwechi asintha maonekedwe, awonjezera zojambula za momwe ntchito ikuyendera, abweretsa AI yolemba chidule cha misonkhano. Zonsezo n'zabwino kwa ena, koma vuto la ku Bolero lili pompaja.

Malonda amenewa muli ndalama zambiri. Pulogalamu ina yotere, Trello, inayamba mu 2011, ndipo mu 2017 kampani ya Atlassian inaigula pa madola 425 miliyoni. Inanso, Asana, inayambitsidwa mu 2008 ndi Dustin Moskovitz, mmodzi wa oyambitsa Facebook, pamodzi ndi Justin Rosenstein, ndipo mu 2020 inalowa pa msika wa masheya ku New York. Yangayi si mwa ziwirizi, ndangozitchula kuti muone kukula kwa msikawu. Maganizo anga ndi akuti kampani ikafika pamenepo, maso ake amakhala pa maofesi a anthu mazanamazana okhala ndi intaneti yosaduka. Kontilakitala wa ku Luwinga ndi makapitawo ake sawerengedwa.

Tibwere ku bilu. Mtengo ndi pafupifupi madola 10 munthu mmodzi pa mwezi. Pamene ndinkayamba, dola inali cha m'ma K1,000. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kufika cha m'ma K1,700 ku banki. Wogulitsa wangayo akuti ku banki madola sakupezeka, ndiye akundiwerengera mtengo wa pamsewu. Pamwamba pa izo, kusunga zithunzi zambiri kwasamutsidwira ku gawo lodula, pamene kale kunali m'kati mwa mtengo womwewo. Nditaona chiwerengerocho ndinatsala pang'ono kungoitseka tsiku lomwelo.

Mnyamatayo sindimuda. Poyamba anabwera yekha pa basi kudzaphunzitsa anthu anga, ndipo foni amayankha. Koma ndikamuuza za simenti ija amangoti, "Achimwene, zimenezo n'za eni ake, ine ndilibe mphamvu." Komatu ndalama yanga imadutsa m'manja mwake, ndipo amadyapo. Ndinamupempha andichotsereko mwezi umodzi, anakana. Chomwe wavomera n'chakuti ndichepetse anthu komanso ndizilipira mwezi ndi mwezi.

Ndiye ndatero. Ndasiya atatu a mu ofesi okha, chifukwa kwa ife imagwira bwino ndipo mbiri ya ntchito zonse ili mmenemo. Makapitawo abwerera pa WhatsApp ndi kope, mtsikana wa mu ofesi n'kumalowetsa yekha madzulo. Ngati ntchito zanu zili m'tawuni momwe muno, ku Katoto kapena ku Chibavi, ikuthandizani. Ngati zili kumidzi, uzani wogulitsayo azimitse data pa mafoni awiri, nonse mulembe pa tsamba limodzi, ayatse muone chomwe chitsale. Musalipire chaka chonse musanayese zimenezo.