Remove Tool ndi Magic Eraser: mawaya zimachotsa bwino, koma pa manja a munthu ndinasiya

Ndimajambula zithunzi za maukwati, zinkhoswe ndi za ana asukulu omaliza maphunziro kuno ku Zomba, ndipo kwa zaka zambiri ntchito yonditopetsa sinali yogwira kamera ayi. Inali yausiku, nditakhala pa laputopu, kuchotsa zinthu zolowa m'chithunzi mosaitanidwa. Anzanga a makamera mukuzidziwa: waya wa magetsi wodutsa pamutu penipeni pa mkwatibwi, jumbo yokodwa mu maluwa, botolo la madzi lomwe woperekeza akwati wasiya pa kapinga, ndi achibale atatu anayi kumbuyoko atatukula mafoni. Tsiku la graduation kunja kwa Great Hall ndiye musanene, palibe pomwe mungaimike munthu ndi gauni yake popanda khamu kumbuyo kwake.

Kale ndinkagwiritsa ntchito Clone Stamp ya mu Photoshop. Umatapa kachigawo ka thambo kapena ka khoma n'kumata pa chinthu chosafunikacho, pang'onopang'ono ngati womata ming'alu ya nyumba. Waya mmodzi wodutsa m'nthambi za mtengo ankatha kundidyera theka la ola. Content-Aware Fill, yomwe inabwera ndi Photoshop CS5 mu 2010, inachepetsako ntchito, koma nayonso inkangotola zomwe zili m'chithunzi momwemo n'kuzibwereza. Ukayang'anitsitsa unkapeza tsamba limodzi lomwelo laonekera katatu.

Zinthu zinasintha mu 2023 pomwe Adobe, kampani yopanga Photoshop, inatulutsa Remove Tool ndi Generative Fill, yomwe imajambula yokha zodzaza pamalo pomwe mwasankha. Remove Tool ndi burashi chabe. Mumapaka pa chinthucho, kapena kuchizunguliza, mukachotsa dzanja pa mausi chapita. Mu Okutobala 2024 anawonjezeramo batani la Find distractions lomwe limadzifunira lokha mawaya, kapena anthu odutsa kumbuyo. Batani la mawayali ndi limene ndimalikonda kuposa china chilichonse. Chithunzi choyamba chomwe ndinayesera chinali cha akwati ataima pa msewu, Phiri la Zomba likuoneka kumbuyo, mawaya asanu atadula phirilo pakati. Ndinadina kamodzi, ndinadikira pang'ono, phiri linatsala loyera ndi mitengo yake ya paini. Ndinakulitsa chithunzicho kufunafuna chipsera, ndinangopeza kachidutswa kamodzi pafupi ndi polo, komwe ndinapaka ndi burashi n'kutha. Album ya ukwati yomwe ndinkaigwira masiku anayi, pano masiku awiri ndapereka.

Pali tinthu tingapo tomwe ndaphunzira pochita. Musamafufute pa chithunzi chenichenicho. Tsegulani layer yatsopano (ili ngati pepala loonekera loyala pamwamba pa chithunzi), muchonge Sample all layers, kuti zikalakwika mubwerere popanda kulira. Mukachotsa munthu kapena mpando, pakaninso chithunzithunzi chake chapansi, apo ayi pamatsala mdima wopanda mwini womwe ngakhale mwana amauona. Ndipo chinthu chachikulu musachimeze kamodzi, chidulenidulenitu. Pamwamba pa sikirini pali posankha ngati mukufuna generative AI, yomwe imapeka zodzaza kudzera pa intaneti, igwire ntchito kapena ayi. Ine pa tinthu ting'onoting'ono monga mabotolo ndi zinyalala ndimaizimitsa, ntchito imachitikira pa laputopu pomwepo, bandulo yanga osakhudzidwa. Ndimaiyatsa pokhapokha pomwe chochotsedwacho chabisa malo aakulu.

Za mtengo sindibisa, n'zowawa. Photoshop sugula kamodzi, umalipira mwezi ndi mwezi kapena pachaka, ndipo ndalama yake ndi yakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinakhala pansi n'kuwerengera ngati ndipitirize. Ndinapitiriza chifukwa ukwati umodzi pa mwezi umabweza ndalamayo. Koma ngati mumangojambula ana kunyumba ndi zithunzi za pa status, musadzivutitse. Magic Eraser ya mu Google Photos ikukwanirani. Inayamba ndi foni ya Pixel 6 mu 2021, koma kuyambira Meyi 2024 inatsegulidwa kwa aliyense mwaulere, bola foni ikhale ya Android 8.0 kapena iOS 15 kupita m'mwamba ndi RAM yosachepera 3GB. Imakulozerani yokha anthu akumbuyo, inu n'kungovomera. Pa mchenga wa ku Mangochi, pa kapinga, pa thambo, imachita zaukhondo ndithu. A Samsung ali ndi Object Eraser kuyambira pa Galaxy S21, a iPhone zatsopano ali ndi Clean Up yomwe inabwera ndi iOS 18.1. Izi ndangoziona m'manja mwa makasitomala, choncho ndisiye pomwepo.

Tsopano pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna aliyense amvetse, chifukwa ine ndinachimvetsa mochedwa. Zida zimenezi sizivundukula zomwe zinali kuseri kwa chinthu mwachotsacho. Kamera sinazione, ndiye m'chithunzimo mulibe. Chomwe AI imachita ndi kulingalira kuti pamenepo payenera kukhala chiyani, potengera zithunzi zambirimbiri zomwe inaphunzitsidwa nazo, kenako n'kujambula zake. Pa udzu palibe vuto, udzu ndi udzu, palibe amene anawerenga masamba. Koma pa chitenje ndi nkhani ina. Maluwa a chitenje ali ndi ndondomeko yake, ndipo mzimayi amene anachisankha yekha pa msika amachidziwa ngati nkhope ya mwana wake. Nsalu za mpingo kapena za chinkhoswe zokhala ndi malemba ndiye zovuta koposa: zilembo zopeka zimaoneka ngati mawu ukakhala patali, ukayandikira sizikuwerengeka.

Chaka chatha kunabwera mayi wina m'mawa kwambiri, maso ali ofiira. Mayi awo anali atamwalira usiku womwewo, ndipo abale ankafuna chithunzi choika pa pulogalamu ya maliro ndi china chachikulu cha mu fulemu. Chithunzi chabwino chomwe anali nacho chinali chimodzi chokha, cha pa Khirisimasi: agogowo atakhala pa mpando wa ndalema pakhonde, atavala bulauzi yoyera ya Mvano, kamdzukulu kali pamiyendo.

"Achimwene, tangochotsani mwanayu, amayi atsale okha," anatero.

Magetsi anali atazima kuyambira usiku, laputopu itatha moto. Poona changu chawo ndinatenga foni n'kutsegula kapulogalamu kena kaulere komwe ndinali nditangokopera, dzina lake ndisatchule. Ndinapaka pa mwanayo, ndipo m'kanthawi kochepa anachoka. Kunena zoona ine ndinaona ngati zatheka. Panali chitenje, panali manja awiri atasanjikizana pamiyendo, zonse zooneka bwinobwino. Ndinawapatsa foni.

Anayang'ana nthawi yaitali osayankhula. Kenako anakulitsa ndi zala pa manja paja.

"Awa si manja a mayi anga."

Manja a m'chithunzimo anali osalala, zala zazitali zowongoka, ngati a mtsikana wa mu ofesi. Anandiuza kuti mayi awo alima moyo wawo wonse, zala zawo zinali zopindika ndi nyamakazi, ndipo chala chimodzi chinali ndi chipsera cha chikwakwa. Manja amenewo ndi omwe anawalera. Chitenjenso, anati, maluwa ake sanali otero, chinali cha mbalame, ndipo anawagulira okha ku Limbe. Pamene pankakhala mwana paja, mbalamezo zinali zitasungunuka n'kusanduka mabala achikasu.

Ndinapepesa, ndipo ndinachita manyazi kwambiri. Sindinganene kuti pulogalamu yodula ikanabweza manja enieniwo, chifukwa manjawo anali atabisika kuseri kwa mwana. Chida chilichonse chikanapeka basi, kusiyana kwake n'kwakuti china chikanapeka mwaluso. Magetsi atayaka cha m'ma 10 koloko tinachita zomwe ndikanayenera kuchita poyamba. Ndinadula chithunzicho kuyambira pachifuwa kupita kumutu, pomwe mwana sankafika. Remove Tool ndinaigwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri zokha: ndowa yomwe inali pakhoma kumbuyo ndi chingwe choyanikapo zovala. Nkhope, duku ndi bulauzi sindinakhudze ngakhale pang'ono. Cha mu fulemu anasankha kuti chitsukidwe momwe chinalili, mdzukulu ali pamiyendo pomwepo.

Kuchokera tsiku limenelo ndili ndi malire anga. Chomwe chili kumbuyo kwa munthu ndimachotsa mosaopa. Chomwe chakhudza thupi lake, zovala zake kapena tsitsi, ndimayamba ndamuuza kasitomala kuti pamenepo kompyuta ipeka, ndipo ndimamuonetsa ndisanatsuke. Ndimakulitsa chithunzi chilichonse kufika pa 100 peresenti n'kuyang'ana zala, makutu, m'mphepete mwa velo ndi mizere ya njerwa, chifukwa cholakwika chosaoneka pa foni chimaonekera poyera chikatsukidwa pa A3. Malo aakulu opekedwa amakondanso kutuluka osalala mopitirira, osafanana ndi mbali zina za chithunzi, ndiye ndimathirapo noise (timadontho tonga mchenga) pang'ono kuti zigwirizane. Ndipo chithunzi choyambirira ndimasunga nthawi zonse, ndimapereka zonse ziwiri.

Pempho lina lomwe likuchuluka masiku ano ndi lochotsa anthu odziwika: mwamuna amene banja linatha, mnzake amene anayambana naye. Chikakhala chithunzi cha mwini wake ndimachita, si mlandu wanga. Koma wina anabwera ndi chithunzi cha msonkhano wa banja wokambirana za malo, akufuna ndichotsemo amalume ake kuti zioneke ngati sanalipo. Ameneyo ndinamukanira, ngakhale ntchito yake inali ya mphindi ziwiri.

Kwa wojambula wa malonda, Remove Tool ndi yoyenera ndalama yake, makamaka chifukwa cha mawaya aja. Kwa ena nonse yambani ndi Magic Eraser. Mukamanditumizira chithunzi choti ndikonze, chonde tumizani ngati document pa WhatsApp, chifukwa chotumizidwa mwachizolowezi chimafika chitafinyidwa, ndipo pa chithunzi chofinyidwa chofufutira chilichonse chimasiya zipsera. Loweruka likubwerali ndili ndi ukwati ku Mulunguzi, ndipo ndawauza kale operekeza akwati kuti mabotolo awo asiye m'galimoto.